Zaka khumi zimene Yquem inakana kugulitsa vinyo wake

Sabata yatha m'kalasi la matenda a mbewu, aphunzitsi athu anationetsa chithunzi cha tsango la mphesa lofota, lotuwa ngati lagwera m'phulusa. Anafunsa kuti tikanakhala alangizi tikanamuuza chiyani mlimi wake. Tonse tinati apopere mankhwala msanga. Iwo anangoseka, n'kunena kuti mwini mundawo akanatipirikitsa, chifukwa mphesa zoola chonchi n'zimene amazidikira chaka chonse.

Nthendayo ndi Botrytis cinerea, yomwe ija imaoletsa tomato ndi sitiroberi. Mundawo ndi wa Château d'Yquem, m'dera la Sauternes, makilomita pafupifupi 40 kuchokera mumzinda wa Bordeaux ku France. Ndivomereretu kuti vinyo wake sindinamulawepo, ndipo mwina sindidzamulawa, poti botolo limodzi limagulitsidwa mayuro mazanamazana. Koma chichokereni m'kalasi muja nkhaniyi ikundisowetsa mtendere.

Pafupi ndi mundawu pali kamtsinje ka madzi ozizira kotchedwa Ciron, kamene kamathira mumtsinje wa Garonne womwe madzi ake ndi ofundirapo. M'miyezi ya Seputembala ndi Okutobala, mitsinje iwiriyi imabala nkhungu imene imakuta minda m'mamawa. Chichewa chathu chinaona patali, chifukwa mawu akuti nkhungu timatchulira ya m'mawa ija komanso imene imamera pa chakudya chikayamba kuonongeka. Ku Sauternes yoyambayo ndi imene imaitana yachiwiri. Nthendayi imaboola khungu la mphesa timabowo tosaoneka ndi maso. Masana dzuwa likawala, madzi a m'chipatsocho amauma, n'kutsala shuga wokhathamira. Koma mvula ikalimbikira, palibenso zodabwitsa: mphesa zimangoola basi, ngati tomato wathu uja.

Vuto n'lakuti mphesa siziolera limodzi. Choncho okolola amalowa m'munda wa mahekitala pafupifupi 100 mobwerezabwereza, kasanu kapena kasanu n'kamodzi, kusankha zokhazo zimene zafika pake, nthawi zina chipatso chimodzichimodzi. Mphesa zambiri ndi za mtundu wa Sémillon, zotsalazo Sauvignon Blanc. Madzi ake amakawira m'migolo yatsopano ya matabwa a oak n'kukhala momwemo miyezi yambiri. Pamapeto pa zonsezi, mtengo umodzi wa mphesa umapereka vinyo wokwana tambula imodzi yokha. Alimi a madera ena amapeza botolo lathunthu.

Mbiri yake ndi yaitali, ndingoidutsa mothamanga. Banja la Sauvage linayamba kuyendetsa malowa mu 1593. Mu 1785 Françoise-Joséphine de Sauvage anakwatiwa m'banja la Lur-Saluces, mwamuna wake anamwalira patangopita zaka zitatu, ndipo mayiyu ndi amene anasunga mundawo m'nthawi yovuta ya kuukira kwa ku France. Thomas Jefferson anagulako vinyoyu. Mu 1855, pamene ankaika vinyo wa ku Bordeaux m'magulu, Yquem anaipatsa gulu lakelake pamwamba pa minda yonse ya ku Sauternes. Kuyambira mu 1999 mundawu uli m'manja mwa kampani ya LVMH, eni ake a Louis Vuitton.

Chimene anthu amaitamandira kwambiri Yquem n'chakuti chaka chikavuta, siitulutsa vinyo m'dzina lake. Zinatero mu 1910, 1915, 1930, 1951, 1952, 1964, 1972, 1974, 1992 ndi 2012. Alima, atengulira, alipira okolola, afinya, kenako alawa n'kunena kuti ayi, uyu si wathu. Olemba za vinyo amati kumeneku ndi kulimba mtima.

Poyamba nanenso ndinaomba m'manja. Kenako ndinakumbukira chaka chimene ndinali Fomu 3. Bambo anga amalima fodya wa bale. Chaka chimenecho mvula inapitirira nthawi yokolola, fodya anachita nkhungu m'chigafa. Ndinawaona atakhala pansi akusankha, tsamba lililonse akulitembenuza, akudziwa bwino lomwe kuti fodyayo sali monga amene amamudziwa. Bambo ndi munthu wonyadira dzanja lake, moti belo losasankhidwa bwino salola kuti lituluke pakhomo. Koma chaka chimenecho anadinda mabelo onse n'kutumiza ku okushoni, ndipo anagulidwa pa mtengo wongolira. Ngongole ya feteleza inali kudikira, fizi yanga inali kudikira. Kunena kuti uyu si wanga kukanatanthauza kuti ine ndikhale pakhomo.

N'chifukwa chake mawu akuti kulimba mtima akundivuta kumeza. Yquem ikakana chaka, vinyoyo satayidwa, amagulitsidwa kwa amalonda ena popanda dzina la mundawo. M'nkhokwe mumakhala muli mabotolo a zaka zina, ndipo vinyoyu amatha kukhala zaka zoposa 100 osaonongeka: botolo la 1811 linagulidwa mapaundi 75,000 mu 2011. Ali ndi vinyo winanso wosatsekemera, wotchedwa Y, amene anayamba kumupanga mu 1959. Komanso kukanako kumagulitsa malonda. Aliyense akamva kuti 2012 kunalibe, amakhulupirira kwambiri botolo la 2011 ndi la 2013.

Sindikuti ndi chinyengo ayi. Alipo alimi olemera ambiri amene akanatha kukana koma sakana, amangomata dzina pa botolo lililonse. Pamenepo Yquem ndikuipatsa ulemu wake, ndipo luso la okolola aja, odziwa kusiyanitsa kuola kwabwino ndi koipa pongoyang'ana, ndimalisirira monga wophunzira zaulimi. Chimene ndikukana n'chakuti tiziyesa mtima wa mlimi ndi muyeso umene umafuna kuti kumbuyo kwako kukhale nkhokwe ya zaka 400.

Lamlungu ndinawaimbira foni bambo n'kuwafotokozera zonsezi, za mitsinje iwiri, za nkhungu, za tambula imodzi. Za nkhunguyo anaseka mpaka kutsokomola. Nditafika pa zaka khumi zija anakhala chete pang'ono, kenako anafunsa ngati eni mundawo ali ndi mwana amene akumulipirira sukulu. Ndisanayankhe anati mayunitsi anga atha, ndilankhule ndi amayi.