Mabogi Akayenda, Kabwe Amaseka



Ife okhala kufupi ndi njanji kuno ku Kabwe timadziwira m'tulo momwe kuti sitima ya katundu yanyamuka. Injini ikangokoka, phokoso limayambira kutsogolo, gwe! gwe! gwe! bogi lililonse kudzutsa linzake mpaka lomalizira. Mlendo amadzidzimuka, koma mwana wobadwira kuno amangotembenuka pamphasa. Chomwe chimatisowetsa tulo masiku ano ndi bata, usiku wonse kudutsa popanda gwegwe ameneyu.

Tauni yathu inamera pa zinthu ziwiri, mgodi ndi njanji. Miyala ya mtovu ndi zinki inadziwika kuno mu 1902, malo ano akutchedwa Broken Hill. Mlatho wa pa Victoria Falls utatha mu 1905, njanji inafika kuno mu 1906, ndipo pofika 1909 inali itagunda malire a Congo. Likulu la njanji ya dziko lino ndi mawekishopu ake akuluakulu zili kuno. N'chifukwa chake makolo athu anabwera kuchokera ku Chipata, ku Katete, ku Nyasaland, ku Kasama ndi ku Mongu, nadzapeza eni nthaka, Alenje. Mgodi unatsekedwa mu 1994. Njanji ndiyo inatsala, ngakhale ikuyenda motsimphina.

Anthu a zilankhulo zambiri chotere anagwirizanitsidwa ndi ntchito, komanso nthabwala. Chimbuya cha Angoni ndi Abemba chinapeza bwalo lake m'yadi ya sitima. Wa ku Kasama akaona bogi la chimanga amauza mnzake wa ku Chipata kuti asaliyandikire, angatsale m'menemo akusaka mbewa. Wa ku Chipata amabweza kuti sitima yopita kumpoto imachedwa chifukwa dalaivala wake amayenda maso ali m'mitengo, kufunafuna apusi a ndiwo. Palibe wokwiya. Ndi anthu omwewa amene mmodzi akamwalira, anzake a chimbuya amakumba manda, kuphika, kupaka anamfedwa ufa kumaso ndi kuseketsa anthu pasiwa kuti chisoni chipepuke.

Mukawapeza madala opuma ntchito pansolo madzulo, mudzamva kuti bogi lililonse lili ndi ubale wake. Thanki ya mafuta ndi apongozi: suwayandikira chisawawa, ndipo fodya umazimira kutali. Bogi la malasha ndi mlamu, umaseweretsana naye koma uchokapo malaya atada. Kabogi ka gadi kamene kankakhala kumapeto kwa sitima kanali agogo, ofika mochedwa koma oona zonse zimene ana achita panjira. Ndiye pali akamwini. Popeza mpata wa pakati pa zitsulo za njanji ndi umodzi, mamilimita 1,067, kuchokera ku South Africa kudzera ku Zimbabwe mpaka ku Congo ndi ku Dar es Salaam, mabogi a mayiko ena amafika kuno. Lina limafika ndi vuto la wilo, alikankhira pambali kudikira chitsulo, mvula igwa, udzu umera, ina igwanso. Madala amati paja mlendo ndi mame, koma uyu ndiye walowa chikamwini ku Kabwe, tingomupatsa munda.

Ine ndinakulira m'nthabwala zimenezi, ndipo ndinazindikira nditakula kuti zinali sukulu. Mnyamata watsopano m'yadi sankamuwerengera malamulo okha. Ankamuseka mpaka aphunzire. Akaima pakati pa mabogi awiri osayang'ana mbendera, tsiku lonse amamufunsa ngati wasiya kale mawu kwa mkazi wake. Mawa lake sabwerezanso. Wogogoda mawilo ankayenda m'mbali mwa sitima ndi hamala ya mpini wautali, kumenya wilo lililonse ndi kutchera khutu: lamoyo limalira ngati belu, long'aluka limangoti phu. Anzake ankamutcha sing'anga, koma sitima sinkanyamuka sing'angayo asanavomere. Wina ankadziwa ndi mphuno kuti ekiselo yatentha, sitima isanaime n'komwe. Ntchito yolumikiza mabogi ndi yoopsa, bogi silimva kuti pepani, ndipo amuna ambiri anabwerera kwa ana awo ndi zala zonse khumi chifukwa mnzawo anawaseka pa nthawi yake.

Nkhawa yathu ndi yakuti anthu odziwa zimenezi akutha, ndipo owalandira ndi ochepa. Ambiri mwa iwo akukhalira kapenshoni kosafika pakati pa mwezi. Amene anali amisiri a m'wekishopu tsopano amawotcherera mageti, mafelemu a mawindo ndi mbaula pansi pa mtengo ku Bwacha ndi ku Katondo, ndipo magetsi akazima ntchito yaima, nsima yaimanso. Manja amene ankaphwasula injini yonse n'kuibwezera, lero akukonza wilibala. Achinyamata athu akawamva akuseka za akamwini ndi apongozi amangoti madala ayamba zawo, chifukwa m'yadi sanalowemo. Iwo ali pa njinga zamoto, pa malonda a m'mbali mwa msewu, ena ku zinyalala za mgodi wakale kutola miyala ndi zitsulo zogulitsa, kumene fumbi la mtovu likudwalitsa ana ku Kasanda, ku Makululu ndi ku Chowa. Mayi sangaletse mwana kupita kumeneko pamene m'nyumba mulibe ufa.

Njala yomweyi ndiyo imatuma ena kukamasula mabawuti ndi zomangira njanji usiku kuti akagulitse ngati zitsulo zakutha. Izi timazidzudzula poyera, chifukwa bawuti limodzi logula ndiwo za tsiku limodzi likhoza kugwetsa sitima yathunthu. Njanji ikafooka, dalaivala amalamulidwa kuyenda pang'onopang'ono, ndipo apa ndi pamene panabadwira nthabwala ija yoti wogulitsa makala pa njinga amaipitirira sitima, akagulitsa mumsika, pobwerera n'kuipeza ikadali pa mphambano ikuliza hutala. Timaseka, koma mwini katundu saseka. Iye amangotenga katundu wake n'kukweza pa lole.

Malolewo timawaona tonse. Msewu wa Great North umadutsa pakati penipeni pa tauni yathu, ndipo usana ndi usiku mumayenda mkuwa wochokera ku migodi, mafuta, simenti, feteleza. Phula limakumbika, ana a sukulu amaima nthawi yaitali kudikira mpata woolokera, ndipo lole ikafera pamsewu tauni yonse imaima. Sitikudana ndi madalaivala a malole, ambiri ndi ana athu omwe, ndipo amayi ogulitsa nsima ndi chimanga chootcha amapeza nawo kangachepe. Koma katundu wolemera chotere malo ake ndi pachitsulo. Mu 2018 boma linakhazikitsa lamulo loti magawo 30 pa 100 alionse a katundu monga mkuwa, malasha, shuga, simenti ndi mafuta aziyenda pa njanji. Tinalilandira ndi manja awiri. Chomwe tikudikira ndi kulimva lamulolo ndi makutu athu, usiku, mabogi akudzutsana.

Anthu a ku Lusaka ndi ku Chipata asaganize kuti iyi ndi nkhani ya Kabwe yekha. Shuga wa ku Mazabuka, malasha a kum'mwera, chimanga cha alimi a ku Mkushi ndi ku Chisamba, zonse zikayenda motchipa mtengo wake umatsika pa msika wa aliyense. Pa Kapiri Mposhi, ulendo wosakwana ola limodzi kuchokera kuno, pamayambira njanji ya makilomita 1,860 yopita kunyanja ku Dar es Salaam. Tili pa mphambano yabwino kwambiri, ndipo malo, nyumba za mawekishopu ndi anthu odziwa ntchito zilipo kale. Ngakhale timu yathu ya mpira inabadwira ku njanji, ndipo wosewera wake wina anamwetsa zigoli 107 mu 1972, bwalo n'kutenga dzina la wosewerayo. Njanji ikakhuta, mpira umakhuta, telala amasoka, mwini nyumba ya lendi amalandira pa tsiku lake.

Pempho lathu ndi laling'ono. Okonza za njanji akamabwera ndi mapulani awo, ayambe afika pansolo paja. Awatenge madalawa, ngakhale masiku awiri pa sabata, akayende m'yadi ndi anyamata ndi atsikana ophunzira ntchito, awaonetse kumvera wilo, awaseke pamene alakwitsa. Akamwini aja aima m'udzu awaone bwino, chifukwa madala amalumbira kuti ambiri mwa iwo akungofuna mawilo ndi girizi basi, thupi likadali lolimba. Mmodzi mwa anansi anga, wa ku Kasama, hamala yake ya mpini wautali anaisunga kuseri kwa chitseko, ndipo amaipukuta ndi mafuta mwezi uliwonse. Ife a kum'mawa timamuuza kuti akuisungira apusi. Iye amayankha kuti akudikira sitima.

Ine wanu,
Mnansi wa njanji,
Kabwe.