Galimoto Wakale wa ku Feira

Cinthu cikakalamba, anthu ambiri amafulumira kucitaya. Mkazi amataya mphika wong'aluka, msodzi amasiya bwato lobooka liolere m'bango, ndipo mwini galimoto amaisiya pansi pa mtengo kuti nkhuku ziziikiramo mazira. Koma alipo ena amene amayamba afunsa kuti, kodi cafa n'ciani, nanga catsala ndi moyo n'ciani?

Ku Feira, kumene kuyambira m'caka ca 1964 kumachedwa Luangwa, pamene mtsinje wa Luangwa uthira m'Zambezi mopenyana ndi Zumbo wa ku Mozambique ndi Kanyemba wa ku Zimbabwe, kunali mnyamata wina amene anatsiriza sukulu osapeza nchito. Atate wace pomwalira anamsiyira Datsun 120Y, galimoto wa injini yaing'ono ya masilinda 4, wa mtundu umene unapangidwa ku Japan pakati pa 1973 ndi 1978. Galimotoyo anatha zaka zambiri akunyamula nsomba zouma kupita nazo ku msika wa pa Luangwa Bridge, kufikira anatopa naima.

Mnyamatayo anamva mbiri ya Satwant Singh wa m'Zambia muno, amene anapambana mpikisano wa magalimoto wa Afirika yense kasanu ndi katatu pakati pa 1988 ndi 2000, ndipo mtima wace unagwa pa liwiro. Ndalama zimene anali nazo zinali zocepa, zimene amace anasunga pogulitsa mphasa ndi masau kuti mwana wao akayambire nazo malonda. Tsono anapita kwa amalume ace, amene anali makaniko wakale, nati, "Amalume, ndifuna tikuze injiniyi kuti galimoto aziuluka."

Mkuluyo anayang'ana pansi pa galimoto nthawi yaitali, nayankha kuti, "Mphwanga, injini tidzaikhudza potsiriza. Galimoto amene sadziwa kuima asaphunzitsidwe kuthamanga."

Motero nchito inayamba ndi zinthu zosaoneka. Anacotsa mipando ya kumbuyo, makapeti ndi zokometsera zonse, pakuti galimoto wopepuka amathamanga, amakhota ndiponso amaima msanga popanda kumuonjezera mphamvu. Pansi pa makapeti anapeza dzimbiri litadya citsulo, ndipo analidula naochererapo zigamba zatsopano. Pambuyo pace anakonza mabuleki, nasintha mapaipi ace ndi mafuta ace, cifukwa mafuta a mabuleki akakhalitsa amamwa cinyezi, ndipo akatentha amawira, phazi n'kungolowa pansi galimoto osaima. Anaika mashoko olimba, naonjezera tsamba limodzi pa masipuling'i a kumbuyo, namanga cimbale ca citsulo kunsi kwa injini kuti mwala usaboole pokhala oilo.

Feira ndiwo malo otsika kopambana m'Zambia monse, ndipo m'mwezi wa October kumatentha kotero kuti sipanala yosiyidwa padzuwa siigwirika. Cifukwa ca ici mkulu uja anafuna radieta yaikulu asanaganize za kabuleta. Anaocherera mapaipi olimba m'kati mwa galimoto ngati khola, kuti denga lisaphwanye munthu galimoto akagubuduzika, namangamo malamba odzera pa mapewa onse awiri ndi cozimira moto. Pamene anafika pa injini, ndalama zinali zitatsala pang'ono. Anangoika maring'i atsopano pa mapisitoni, napera mavalavu, natsuka kabuleta.

Mnyamatayo anadandaula kuti galimoto wace sanasiyane kwenikweni ndi kale. Pamenepo amalume ace anamsimbira za Joginder Singh wa ku Kenya. M'caka ca 1964 magalimoto a Volvo PV544 analowa mu East African Safari, ndipo sanatsirize ulendo. Joginder anatenga mmodzi wa magalimoto otopa aja, namkonza pamodzi ndi mbale wace Jaswant, nalimbitsa pali ponse pamene miseu ya Afirika inaonetsa kufooka. M'caka ca 1965 abale awiriwo anapambana mpikisano womwewo, wa makilomita pafupifupi 5,000 kudzera m'Kenya, Uganda ndi Tanzania, nasiya m'mbuyo magalimoto atsopano.

Ciyeso cacikulu cinadza galimoto atalira. Ku Feira kulibe bwalo la mpikisano, ndipo anzace a mnyamatayo anamkakamiza kuti aonetse liwiro pa mseu wopita ku mlatho. Koma mseu umenewo umadzera m'midzi ya mafumu Mphuka ndi Mburuma. Mumayenda ana a sukulu, amai osenza madzi, mbuzi, ndipo nthawi zina njobvu zopita kukamwa ku mtsinje. Amace anamuitana madzulo nati, "Mwanawe, ndalama zanga ukhoza kutaya, ndidzaluka mphasa zina. Koma ukapha mwana wa mwini, udzambweza ndi ciani?" Iye anakana anzace, ngakhale anamseka kuti ndi wamantha.

Anadikira miyezi yambiri kufikira anapeza mpata wolowa mpikisano waung'ono m'mapulazi a pafupi ndi Lusaka, kumene miseu imatsekedwa, magalimoto amayamba apimidwa, ndipo woyendetsa ali yense amabvala cipewa colimba. Sanapambane. Magalimoto amphamvu anamsiya kutali pa liwiro. Koma ena a iwo anawira, ena anathyoka miyendo m'maenje, ndipo Datsun wa ku Feira anafika kumapeto ali wamphumphu, nabwerera kwao ndi mawilo ace omwe.

Mphotho yace anaipeza kumudzi. Eni malole a nsomba ndi eni maminibasi ataona kuti galimoto amene anali cisa ca nkhuku wapita ku Lusaka nabwerako, anayamba kubwera ndi magalimoto ao pansi pa mlambe pamene iye ndi amalume ace ankagwirira nchito. Ndalama za amace anazibweza caka cisanathe.

Inu amene mwatsiriza sukulu, ambiri a inu mudzalandira zinthu zakale: njinga ya atate, makina osokera a amai, kapena munda woguga. Musanazitaye, ziyang'aneni kunsi. Yambani ndi cimene cingakupheni cikalephera, mutsirize ndi cimene anthu amaombera m'manja. Akulu anati kuthamanga sikufika.