Mlonda wa makompyuta

Kwathu ku Chintheche ntchito zimene makolo amazikhulupirira n'zowerengeka: uphunzitsi, unamwino, upolisi, apo ayi kupita ku Joni. Za ku Jonizi si za lero. Clements Kadalie, amene anayambitsa bungwe la anthu apantchito la ICU ku Cape Town mu 1919, anachokera konkuno kufupi ndi Bandawe, ndipo mpaka pano n'kovuta kupeza banja lopanda wina kunja amene amatumiza kangachepe pakutha pa mwezi.

Chimene chasintha ndi njira imene kangachepeko kamadutsa. Kale kankabwera m'thumba la munthu wodalirika amene akubwerera kumudzi. Lero kamafika pa Mukuru, pa Airtel Money kapena pa Mpamba. Mayi wogula usipa ku doko la Kande amalipira msodzi pafoni. Fizi ya mwana imapita pafoni. Ngakhale ku Usisya, kumene msewu wake ndi wa mtima bii ndipo ambiri amadalira Ilala ndi maboti, munthu amasaka pamene pali netiweki kuti alandire ndalama. Chuma chathu chasamukira m'foni, ndipo akuba nawo analongedza n'kusamukira komweko.

Sindikunena za m'mafilimu ayi. Azakhali anga, amene amagulitsa nsomba zouma ku Mzuzu, analandira uthenga wooneka ngati wa ndalama zolowa. Pasanathe mphindi, bambo wina wa mawu aulemu anaimba, akulira kuti walakwitsa nambala ndipo mwana wake ali m'chipatala. Azakhali, mtima wachifundo, anabweza ndalama zimene sizinalowe n'komwe. Mpamba wa geni unathera pomwepo. Msuweni wathu wa ku Johannesburg anamulanda WhatsApp atangotumiza manambala 6 aja kwa munthu amene ankadziti ndi mnzake wa kutchalitchi; tsiku lomwelo abale onse tinalandira uthenga wopempha thandizo mwachangu. Loji ina ya m'mbali mwa nyanja muno inadzidzimuka alendo atafika ndi umboni woti analipira kale, chonsecho ndalama zinapita ku akaunti ya munthu amene anabera imelo ya lojiyo.

Mu nkhani zitatu zonsezi palibe loko amene anathyoledwa. Wakuba anangodziwa mmene timaganizira: timachita manyazi kukana munthu wolira, timakhulupirira dzina la tchalitchi, ndipo tikauzidwa kuti "mwachangu" timasiya kufunsa.

N'chifukwa chake mng'ono wanga atamaliza Fomu 4 n'kunena kuti pa mafomu a NCHE ayika Computer Systems and Security ya ku MUST, ku Thyolo, ine ndinaima mbali yake. Kunyumba sizinayende bwino. Ama ankafuna unamwino, poti namwino sagona ndi njala. Ada anamvetsera mpaka kumapeto, kenako anafunsa:

"Ndiye iwe zaka zinayi zonsezo, ndalama zonsezo, ukakhale mlonda? Mlonda wa makompyuta?"

"Eya Ada, koma mlonda wake sagwira chibonga," anayankha mwanayo, maso ali pansi.

Tinaseka, koma funso la Ada linali lolemera. Iwo amadziwa alonda a m'maloji a ku Kande, amene amachezera usiku wonse ndi tochi pa malipiro ochepa. Kholo silingagulitse chinangwa cha chaka chonse kuti mwana akachite ntchito imene silikuimvetsa. Ndiye ndinakhala nawo pansi, monga mmene ndikukhalira nanu pano.

Ntchitoyi ili ndi nthambi. Alipo amene amakhala maso pa makompyuta a banki kapena kampani ya mafoni usana ndi usiku, kuyang'ana zachilendo: n'chifukwa chiyani akaunti iyi yatsegulidwa 2 koloko usiku kuchokera kudziko lina? Alipo amene amalembedwa ganyu kuti ayese kuthyola, mwachilolezo, kuti eni ake adziwe pamene pali mpata akuba enieni asanapaone. Ena amafufuza zinthu zitachitika kale, kutsatira mapazi m'foni ndi m'kompyuta kuti umboni ukaime m'khoti. Ena ntchito yawo ndi kuphunzitsa ogwira ntchito, poti khomo lofooka kwambiri nthawi zambiri ndi munthu amene pasiwedi yake ndi chaka chimene anabadwa.

Chimene chinawagwira mtima Ada ndi nkhani ya mapasipoti. Kumayambiriro kwa 2024 boma linasiya kusindikiza mapasipoti kwa masabata angapo. Mu February chaka chomwecho, Lazarus Chakwera, ali mtsogoleri wa dziko, anauza Nyumba ya Malamulo kuti anthu ena alowa m'makompyuta a nthambi yoona za anthu olowa ndi kutuluka m'dziko ndipo akufuna dipo, koma boma silipereka. Kwa munthu wa ku Nkhata Bay imeneyo sinali nkhani ya pa wailesi chabe. Anyamata amene anali atapeza kale ntchito ku Joni anakhala akuyendera ku Mzuzu osaphula kanthu. Ada anagwedeza mutu: "Ooh, ndiye kuti kompyuta ikadwala ku Lilongwe, mphika umazizira kuno."

Malamulo nawo akukankhira ntchitoyi patsogolo. Lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security la 2016 linakhazikitsa Malawi CERT, gulu la pansi pa MACRA lolandira ndi kuthana ndi ziwembu za pa intaneti. Lamulo la Data Protection la 2024 likukakamiza mabungwe osunga mbiri za anthu kuti azisamale. Mabanki, zipatala, masukulu, mabungwe othandiza anthu, onsewa ali ndi maina athu, manambala a ziphaso zathu ndi a mafoni athu. Pafunika anthu odziwa kuzitchinjiriza, ndipo sitingamangoitanitsa akatswiri akunja mpaka kalekale.

Komabe sindikufuna kukunamizani kuti njirayi ndi ya tala. Ambiri sayambira pa chitetezo. Amayamba ndi kukonza maprinta, kulumikiza mawaya a netiweki ndi kuthandiza abwana amene aiwala pasiwedi. Palibe chamanyazi, poti sungalondere nyumba imene sukudziwa makomo ake. Mayeso a satifiketi zodziwika padziko lonse monga CompTIA Security+ ndi CCNA ya Cisco amalipiridwa m'madola, ndipo tonse tikudziwa mmene dola ikusowera. Kuno kunyanja onjezerani kuthimathima kwa magetsi, mtengo wa bandulo, ndi laputopu imene mabanja ambiri sangaikwanitse. Ntchito zambiri zili ku Lilongwe ndi ku Blantyre, kotero mwana wa kuno adzayenera kusamuka, kapena kumenyera ntchito za pa intaneti ndi anzake a ku Nairobi ndi ku Lagos.

Pali chiyeso chinanso chimene sitikambirana mokwanira. Luso lotseka khomo ndi lomwelo lotsegulira. Mnyamata akadziwa kulowa mu Facebook ya chibwenzi chake amadziona ngati katswiri, chonsecho lamulo la 2016 lija limati kulowa m'kompyuta ya wina popanda chilolezo ndi mlandu. Pantchito imeneyi chimene umagulitsa kwenikweni ndi kukhulupirika. Banki singapatse makiyi munthu amene mbiri yake ili ndi banga, kaya akhale wanzeru bwanji.

Nanga woyamba ayambire pati? MUST si khomo lokhalo. Mzuzu University, imene ili pafupi nafe, ili ndi maphunziro a ICT. MUBAS ku Blantyre ndi University of Malawi ku Zomba nazo zimaphunzitsa za makompyuta. Usanafike n'komwe kumeneko, Cisco Networking Academy ili ndi maphunziro oyambira aulere, ndipo picoCTF, ya ku Carnegie Mellon University, imapereka timipikisano tothyola ndi kuteteza m'malo ololedwa, mosalipira. Masamu ndi Chingerezi zikhale zolimba. Koposa zonse pafunika kudekha, kuja amati kuona maso a nkhono, chifukwa tsiku lonse limatha ukusaka kachilembo kamodzi kolakwika.

Ndipo mwana wa kunyanja ali ndi chimene wa ku Area 47 alibe. Amadziwa Chitonga ndi Chitumbuka chimene wakuba amanyengerera nacho agogo. Amadziwa nyengo imene usipa wagwidwa wambiri ndipo mafoni a amayi a geni adzaza ndalama. Amadziwa kuti ejenti wa pamsika amasungira makasitomala okalamba ma PIN m'kope, osati mwa chinyengo koma pofuna kuthandiza. Chitetezo chopangidwa ndi munthu wosadziwa zimenezi chimathera mu ofesi.

Zotsatira za chisankho cha ku yunivesite sizinatuluke, ndipo malo ndi ochepa. Mng'ono wanga akudikira ndi laputopu yanga yakale, ya batire lakufa, imene imayaka pokhapokha magetsi alipo. Wayikira kale two-step verification pa WhatsApp ya aliyense m'banja, ndipo Lamulungu lapitali amayi a kwaya anamuimitsa panja pa tchalitchi ndi mafoni m'manja, pamzere. Ama akadali ndi mtima wa unamwino. Ada sananene kuti avomera, koma mwezi uno bandulo anagula ndi iwo.

Inu amene mukuwerenga izi pafoni, musadikire digiri. Madzulo ano itanani amayi kapena agogo, muwauze zinthu ziwiri: PIN ndi manambala obwera pa uthenga sapatsa munthu, ngakhale atati akuimba kuchokera ku kampani, ndipo wina akati walakwitsa kutumiza ndalama, ayambe aona balansi asanabweze kanthu. Mukaona kuti kufotokozako kukukusangalatsani, mwina ntchito imeneyi ndi yanu.