Juzi ya Ubweya ndi Matikiti a ku Doha

Anzanga acinyamata, kodi munagulapo cinthu ndi ndalama zonse zimene munasunga, kenaka n'kumva pa wailesi kuti mwina simudzacigwiritsa nchito? Ine zinandionekera m'caka ca 2025, ndipo ndikufuna ndikuuzeni mmene zinayendera, popeza ambiri a inu muli ndi abale amene akugwira nchito kunja, ndipo tsiku lina adzakuitanani.

Mlongo wanga wamkulu ndi namwino ku Doha, likulu la dziko la Qatar. M'mwezi wa April anabereka mwana wake woyamba. Amai atamva, anasiya zonse nayamba kuluka juzi ya ubweya. Kwathu mwana woyamba amasambitsidwa ndi ambuye ake, ndipo mwambo umenewu sudziwa kuti pakati pali nyanja. A sisi anati adzalipira tikiti la amai, koma amai sanakwerepo ndege ndipo Cizungu cao n'ca moni cabe, motero panafunika wowaperekeza. Ine ndimaphunzitsa, ndiye nthawi yokhayo imene ndikanatha kucoka inali chuti ca masukulu ca August. Langa tikiti ndinagula ndi ndalama za cilimba cimene timasonkha aphunzitsi kusukulu kwathu.

Pa ofesi yogulitsa matikiti ku Lusaka anandionetsa mitengo iwiri. Tikiti lochipa silinali lobweza ndalama, ndipo kusintha tsiku kunali ndi cindapusa cacikulu. Linalo linali lodula, koma lololeza kusintha. Mai amene anali kutithandiza anandifunsa kawiri konse ngati ndamvetsa. Ndinayankha ndi matama kuti tsiku lotsekera sukulu silisuntha, nanga ndisinthirenji? Ndinagula ochipa onse awiri. Mlandu umenewu ndi wanga, sindingaukankhire kwa wina.

Za kutentha ndinali nditamva, koma sindinazilabadire. Ndinati ine ndinakhalapo ku Mfuwe m'mwezi wa October, pamene ngakhale njovu zimathawira pa mthunzi, nanga dzuwa la Aarabu lingandiopse bwanji? Ndinaiwala kuti nyengo zao n'zotembenuka. Pamene ife tikuotha mbaula mu June ndi July, iwo ali pakati pa cilimwe. Masana a July ndi August ku Doha amapitirira madigiri 40, ndipo popeza mzindawo uli m'mbali mwa nyanja, mpweya umakhala wacinyezi. Apa ndi pamene pali ngozi. Thupi limadziziziritsa pamene thukuta likuuma pakhungu. Mpweya ukakhala wodzala kale ndi cinyezi, thukuta limangoyenderera osauma, ndipo mtima umagwira nchito yowirikiza kukankhira magazi kukhungu. Boma la Qatar lenilenilo, kuyambira mu 2021, linaletsa nchito zapanja kucokera 10 koloko m'mawa kufikira hafu pasiti 3 masana, kuyambira pa 1 June mpaka pa 15 September. Inu okonda mpira mukukumbukira kuti World Cup ya 2022 inaseweredwa mu November ndi December m'malo mwa June. Cifukwa cake cinali comweci. Tsono amai anga ali ndi zaka zopitirira 60, ndipo amamwa mankhwala a BP tsiku ndi tsiku. Zonsezi a sisi anandiuza pa foni, koma ine ndinali nditalipira kale, ndipo munthu amene walipira kale makutu ake amagontha.

Kenaka pa 13 June nkhondo inabuka pakati pa Israel ndi Iran. Ndinatenga mapu a kusukulu kuti ndione kutalika kwake, ndipo mtima unagunda: pakati pa Qatar ndi Iran pali kanyanja kokha. Maiko angapo a kumeneko anatseka mlengalenga mwao, ndege zina zikuzungulira njira yaitali, zina osanyamuka konse. Madzulo a pa 23 June, Iran inaponya mizinga pa malo a asilikali a America ochedwa Al Udeid, kunja kwa Doha, ndipo Qatar nayo inatseka mlengalenga mwake kwa maola angapo. Ndege zimene zinali m'njira zinakatera kumaiko ena kapena kubwerera. Usiku umenewo a sisi anaimba foni, mau akunjenjemera, akuti mazenera agwedezeka. Amai anagwada pansi pa simenti, juzi ija iri m'manja. Sitinagone.

Kutaca, pa 24 June, kunalengezedwa kuti nkhondo yaima. Mungaganize kuti mtima unakhala pansi, koma ai. Vuto la nthawi zotere n'lakuti palibe amene amakuuzani kuti musapite, ndiponso palibe amene amakulonjezani kuti mukafika. Ndege zinayambanso kuuluka. Tikiti linali lamoyo. Ndikanalisiya mwa kufuna kwanga, ndalama zikanapita. Kawirikawiri kampani imabweza kapena kukusinthirani kwaulere pokhapokha ngati iyo yomwe yafafaniza ulendo. Ndinathamangira ku pepala la inshuwalansi, n'kupeza m'timalemba tating'ono tija timene sitiwerenga kuti za nkhondo salipira. Ndinamva pambuyo pake kuti mapepala ambiri otere amatero.

Sabata imeneyo ku gulu la acinyamata tinali pa Macitidwe caputala 27, pamene Paulo anacenjeza eni ngalawa kuti nyengo yoyenda panyanja yapita, koma kenturiyo anamvera woyendetsa ndi mwini ngalawa. Mnyamata wina wa giredi 11, amene sankadziwa kanthu za matikiti anga, anafunsa cifukwa cimene mwini ngalawayo anaumirira. Mtsikana wina anayankha mosacedwa kuti munali tirigu wake m'menemo. Onse anaseka. Ine sindinaseke. Anzanga ena mumpingo anali kundiuza kuti kusintha ulendo n'kucepa kwa cikhulupiriro. Sindigwirizana nao. Munthu amene anacenjeza m'nkhaniyo ndi yemwe anali ndi cikhulupiriro coposa onse m'ngalawamo.

Cobvuta koposa cinali kuuza amai. Ndinawapeza akupeta nshawa kuseri kwa nyumba.

“Amai, ndaganiza kuti tipite mu December.”

Sanakweze mutu. “Iwe, mwana amayembekeza December? Ndikamuona atayamba kale kukwawa?”

“Kukutentha kwambiri, Amai. Ndiponso ndege zikatsekedwa tiri m'njira, mudzagona pa benchi m'dziko lacilendo, mankhwala atatha.”

“Imfa iri ponseponse. Ngakhale pa Great East Road anthu amafa.”

Pamenepo ndinasowa coyankha, cifukwa ananena zoona. Amene anawagonjetsa ndi a sisi, amene anawauza kuti mu August ngakhale khandalo salitulutsa panja, ndipo amai adzangokhala m'nyumba ya makina ozizira mwezi wathunthu ngati nkhuku ya m'khola, osaona ngakhale msika. Zimenezo n'zimene amai sakanapirira. Koma masiku atatu sanandilankhule bwino.

Cindapusa cosinthira matikiti awiri, pamodzi ndi kukwera kwa mtengo wa nyengo ya Khrisimasi, cinaposa ndalama imene ndinaganiza kuti ndapulumutsa pogula ochipa. Ndinakongola kwa mphunzitsi mnzanga. August anafika napita, ndege zonse zikuuluka bwinobwino, ndipo amai sanalephere kundikumbutsa zimenezi m'mawa uliwonse. Sindingakuuzeni kuti ndinaoneka wanzeru.

Tinanyamuka mu December, masukulu atatseka. Ulendo uno ndinaika mankhwala a amai a masabata owonjezera m'cikwama ca m'manja, osati m'sutikesi, ndinalemba nambala ya a sisi pa pepala, ndipo tinafika ku Lusaka kutatsala tsiku lathunthu, kuopa basi. Ku Doha tinapeza kamphepo kayaziyazi, madzulo mpaka munthu kufuna covala ca manja aatali. Mwana anali ndi miyezi 8, ndipo anali kukwawa ndithu. Juzi ija inakana kupita pamutu. Amai anandiyang'ana nthawi yaitali osanena kanthu, kenaka anapempha a sisi kuti awapezere singano, nayamba kuimasula ulusi umodziumodzi.