ZITHUNZI ZA PA KHOMA LA GOWELO LANGA

M'caka ca 1984, pamene ndinali pa sukulu ya sekondale kuno kum'mawa, mphunzitsi wina wocokera ku Britain anatha nchito yace nabwerera kwao. Pocoka anatisiyira mtolo wa magazini akale ochedwa Smash Hits. Tinawagawana anyamata asanu monga mmene alenje agawirana nyama, ndipo ine ndinalandira atatu. Lero ndine nkhalamba ya zidzukulu, koma zimene mapepala amenewo anacita mumtima mwanga ndizikumbukirabe, ndipo ndaganiza kuti ndikambeko ndi inu makolo anzanga.

Magazini imeneyi inayamba ku Britain m'caka ca 1978, ndipo woiyambitsa anali Nick Logan, amene kale anali mkonzi wa nyuzipepa ya nyimbo yochedwa New Musical Express. Inali kutuluka kamodzi pa masabata awiri. Eni ace anali kudziwa bwino lomwe cimene mwana wa zaka 14 kapena 15 afuna. Pa cikuto anali kuikapo nkhope yaikuru ya woimba, maso ace ali pa iwe ngati kuti akudziwa dzina lako. M'kati anali kulembamo mau onse a nyimbo zatsopano, kotero kuti nyimbo ikamveka pa wailesi, iwe unali kuimba pamodzi ndi mwini wace osaphonya liu. Analinso kuikamo zithunzi zazikuru zamitundumitundu zoti uzule ndi kumata pa khoma. Umo ndimo ndinaonera nkhope za Michael Jackson, Boy George ndi anyamata a Duran Duran.

Koma cimene cinandigwira mtima koposa si zithunzi ai. Cinali kalankhulidwe kace. Kwathu mwana salankhula pakati pa akuru. Akaitanidwa agwada, amva, nacoka. Magazini ija inali kulankhula nane ngati mnzanga wa msinkhu umodzi. Inali kuseka ndi kunyogodola, ndipo oimba ochuka inali kuwafunsa tinthu tacabecabe, monga cakudya cimene akonda kapena cimene aopa, kufikira iwe wowerenga uyesa kuti ndi anzako a pa bwalo. Inalinso ndi tsamba la makalata a owerenga, pamene ana anali kunena maganizo ao, ena kudandaula, ena kufunafuna abwenzi olemberana nao. Kwa mnyamata amene maganizo ace sanafunsidwepo ndi munthu ali yense, ici cinali cinthu cacikuru zedi.

Nanga acinyamata a m'mapepala amenewo anali otani? Onse anali a m'tauni, obvala bwino, a ndalama m'thumba. Panalibe wogwira khasu, panalibe wosenza mtsuko, panalibe wobusa ng'ombe, ndipo makolo ao sanali kuoneka konse. Ndinadzifunafuna m'masamba onse osadzipeza. M'malo moganiza kuti magazini ndiyo yapereweza, ndinaganiza kuti wopereweza ndine.

Pa chuthi ndinapita nao kumudzi, ndipo zithunzi zija ndinazimata ndi phala pa khoma la gowelo langa. Tsiku lina madzulo amalume anga, amene anali katswiri wa kalimba m'dera lathu lonse, anasuzumira pakhomo nayang'ana khoma lija kwa nthawi. Kenaka anandifunsa mofatsa kuti, "Mphwanga, alendo awa wadzaza m'nyumba ndi a pfuko liti?" Ine ndinaseka, ndipo ndinawayankha kuti amenewo ndiwo oimba enieni, osati zolizaliza zao za tizitsulo. Amalume sanakalipe. Anangoti, "Cabwino, mphwanga," nabwerera kunyumba kwao. Usiku umenewo kalimba sinalire, ndipo sanandiitanenso kuti ndikhale pambali pao monga anali kucitira ndili wamng'ono.

Colakwa caciwiri cinatsatira posacedwa. Amai anagulitsa nsawa zao nandipatsa ndalama zogulira nsapato za sukulu. Nditafika ku Chipata ndinagula magalasi akuda, masokosi oyera ndi buluku lothina, kuti ndifanane ndi a pa khoma paja. Temu yonseyo ndinayenda ndi nsapato zong'ambika zomanga ndi waya. Amai atamva sananditukwane. Anangondifunsa ngati magalasiwo anali kundithandiza kuona bwino m'mabuku. Akuru anati cikomekome ca nkhuyu m'kati muli nyerere, ndipo ine nyererezo ndinazilawa ndekha.

Patapita zaka ziwiri amalume anamwalira ine ndisanaphunzire nyimbo yao ngakhale imodzi. Pamene ndinabwera ku maliro ndinalowa m'gowelo muja, ndipo ndinapeza ciswe citadya zithunzi zonse, patatsala timapepala tocepa m'mbali. Kalimba yao inali pa tsindwi, yopanda woiliza.

Kwa zaka zambiri ndinali kuimba mlandu magazini aja. Tsopano ndiona kuti mlandu wace si wotero. Magazini ija sanalembere ine. Analembera ana a ku Britain, ndipo inali malonda. Pakati pa zithunzi ndi nthabwala panali masamba otsatsa marekodi, zobvala ndi zodzola. Makampani a nyimbo anali kufuna nkhope za oimba ao pa cikuto, eni magazini anali kufuna ogula, ndipo onse anakumana pa thumba la mwana. Ubwenzi umene ndinaumva unali wokoma ndithu, koma unali ndi mtengo wace.

Ndiponso kutengera zacilendo pakokha si cimo. Oimba athu a m'zaka za m'ma 1970 anamvera nyimbo za kunja kwambiri. Emmanuel Chanda wa gulu la WITCH anachedwa Jagari potengera dzina la Mick Jagger wa gulu la Rolling Stones. Koma iwo sanalekezere pa kutengera. Anasakaniza zimene anamva ndi zakwathu mpaka panabadwa nyimbo zimene tizicha Zamrock. Paul Ngozi anaimba za moyo wa m'makomboni m'cinenero cathu cino. Boma la a Kenneth Kaunda linalamula kuti nyimbo zocuruka pa wailesi zikhale za m'dziko muno, ndipo marekodi anali kudindidwa ku Ndola, pa kampani ya Teal. Kusiyana kwa iwo ndi ine kunali kwakuti iwo anatenga zacilendo nazionjezera pa zao, pamene ine ndinataya zanga kuti zacilendo zipeze malo.

Cimene cinandicititsa manyazi koposa cinadza pambuyo pace. M'caka ca 2012 kampani ya ku America yochedwa Now-Again inaturutsanso nyimbo zakale za WITCH, ndipo olemba za nyimbo a maiko akutali anayamba kutamanda Zamrock. Zimene ife tinaziyesa zacikale, ana a ku Ulaya anazimvera ndi cidwi cimodzimodzi cimene ine ndinali naco pa oimba ao.

Magazini ambiri a nthawi ija anatha. Melody Maker, imene inayamba mu 1926, inaleka mu 2000, ndipo Smash Hits inaleka mu 2006. Acinyamata anasamukira pa intaneti ndi pa mafoni a m'manja. Koma nyambo sinasinthe: nkhope yokongola, mau aubwenzi, ndi kanthu kogulitsa kumbuyo kwace. Kale zinali kufika kumudzi ndi mwana wa sukulu pa chuthi. Lero zifika tsiku liri lonse, ngakhale m'gowelo la kutali ndi mseu.

Cifukwa cace ndinena kwa inu makolo anzanga kuti kulanda foni kapena kung'amba cithunzi sikuthandiza. Mwana athamangira kumeneko cifukwa kumeneko ndiko amveredwa. Khalani naye pansi, muone pamodzi cimene akonda, ndipo mumufunse kuti anakonza zimenezi ndani, anakonzera yani, ndipo afuna kumugulitsa ciani. Koposa zonse mumufunse maganizo ace, ndipo akayamba kulankhula musamudule mau.

Mdzukulu wanga wamkazi ali ndi zaka 15, ndipo oimba amene iye akonda ine sindiwamva n'komwe. Mwezi watha anandionetsa mmodzi pa foni yace, ndipo ndinapirira mpaka nyimbo inatha. Pambuyo pace ndinamupempha kuti atenge foni yomweyo apite kwa agogo ace akazi ndi anzao, akajambule nyimbo zao za cimtali ndi za pamtondo. Anapita mokakamizika. Anabwerera dzuwa litalowa ndi nyimbo zisanu ndi ziwiri, akung'ung'udza imodzi mwa izo, nandifunsa ngati m'mudzi muno mukali munthu wodziwa kuliza kalimba.