Mlezi wa pa chigafa naye afunika sukulu

Mwezi wa Febuluwale m'midzi ya ku Macanga simupezeka munthu masana. Onse amakhala ali ku fodya, ena kuthyola, ena kusoka pa chigafa, ndipo ana ang'onoang'ono amapita nawo komweko poti kunyumba kulibe wowasiyira. Ku Tsangano nako ndi chimodzimodzi nthawi yopopera ndi yokumba kachewere. Kumene mayi akugwira ntchito ndi komwenso mwana akukulira.

Pa chigafa china cha kufupi ndi Furancungo, ana asanu anasiyidwa m'manja mwa mtsikana wa zaka 10 amene tsikulo anajomba kusukulu. Itakata mvula ya m'mawa, kamwana kena ka zaka zitatu kanakagona pa mulu wa fodya wonyowa wongothyoledwa kumene. Dzuwa lili paliwombo kanayamba kusanza, kutuluka thukuta ndi kulefuka. Amayi ake anati ndi malungo, agogo ake anati pali wina wachitapo zake, mkangano n'kubuka mwana ali gone pansi.

Pagululo panali mayi wina amene anakulira ku Ntcheu pothawa nkhondo ija inatha mu 1992. Anakwatiwa komweko, ndipo asanabwerere kwawo anakhalapo mlezi pa sukulu ya mkombaphala atachita maphunziro a masabata awiri. Iyeyu sanalowerere mkanganowo. Anafunsa mtsikana uja kumene mwanayo amasewera ndi chimene wadya, anamuvula zovala zonyowa, anamusambitsa ndi sopo, kenaka n'kuuza bambo ake kuti: "Tengani njinga, mwanayu ngwa kuchipatala, zinazo tikamba akabwerako."

Mwanayo anachira. Anamwino anafotokoza kuti chinamudwalitsa ndi chikonga cha m'masamba a fodya, chimene chimalowera pakhungu masamba akakhala onyowa, ndipo thupi la mwana siligwira msanga ngati la wamkulu. Za chikongazo mayi uja sanaziphunzire ku maphunziro aja ayi. Chimene anaphunzira ndi kufunsa asanaganize, ndiponso kudziwa nthawi imene mwana sayenera kuchedwetsedwa pamudzi.

Ambiri amati kulera sikufuna sukulu, aliyense amene anaberekapo amadziwa. Zoona, chikondi sachiphunzira m'kalasi. Koma kulera wako mmodzi kumsana n'kosiyana ndi kuyang'anira ana khumi a eni ake pamalo pamene pali mabotolo a mankhwala opopera, moto, zikwanje ndi chitsime chosavindikira. Mlezi wotere ayenera kukhala munthu wamkulu, wodziwa kuwerenga zolembedwa pa botolo ndi pa khadi la kusikelo. Ayenera kudziwa kuti paketi imodzi ya mchere wa otsegula m'mimba amaisungunula mu lita imodzi ya madzi abwino, ndiponso kuti mwana wopuma mofulumira, wokomoka kapena wokana kuyamwa ndi wothamanga naye, makamaka kozizira ngati ku Tsangano kumene chibayo sichichedwa. Adziwenso kusambitsa ana m'manja asanadye phala, kuwaimbitsa, kuwawerengetsa timiyala, ndi kuwalangiza popanda chikwapu.

Zimenezi sizofuna digiri. Mu 2008 bungwe la Save the Children linatsegula ma escolinha m'midzi 30 ya m'chigawo cha Gaza. Alezi ake anali anthu wamba osankhidwa ndi mudzi, amene anaphunzitsidwa masiku owerengeka n'kumakumana mwezi ndi mwezi kuti aonjezere nzeru. Kafukufuku amene World Bank inatulutsa mu 2012 anapeza kuti mwa ana amene anadzera m'ma escolinha, olowa pulayimale anachuluka ndi 24 peresenti kuyerekeza ndi anzawo, azikulu awo anayamba kupita kusukulu m'malo molera, ndipo makolo anapeza mpata wogwira ntchito. Chaka chomwecho boma la Mozambique linakhazikitsa ndondomeko yosamalira ana osafika msinkhu wa sukulu, ndipo Tete inali m'gulu la zigawo zisanu zoyambirira kuyesa.

Lamulo la ntchito la 2023 linapatsa mayi wolembedwa ntchito masiku 90 a tchuthi akabereka. Koma wa ganyu ndi wolima munda wake tchuthi angachipemphe kwa yani? Ndiye chifukwa chake nkhaniyi ili m'manja mwa mafumu, makalabu a alimi, mipingo ndi eni zigafa. Sankhani anthu awiri okhulupirika, pitani nawo ku ofesi ya zaumoyo ndi zosamalira anthu ya m'boma lanu mukafunse za maphunziro, ndipo mukagulitsa mbewu musaiwale thukuta lawo. Mlezi wosalipidwa sachedwa kubwerera kumunda kwake, n'kupita nazo nzeru zonse zija.

Pamudzi paja anamvana. Anamanga kachisakasa patali ndi chigafa, mayi uja akuyang'anira ana pamodzi ndi mnzake amene akumuphunzitsa, ndipo banja lililonse limapereka mbale ya ufa pa sabata. Pokolola amamulimira chigawo cha munda wake. Mtsikana wa zaka 10 uja anabwerera kusukulu, ndipo akaweruka amadzera pachisakasapo kudzatenga mng'ono wake. M'mera mpoyamba.