Mtengo wa Mtengo

M'chinenero chathu liwu loti mtengo limasenza katundu pawiri. Mtengo ndi chomera chija timadula m'nkhalango, komanso mtengo ndi ndalama imene timalipira pogula chinthu. Kwa ambiri a ife uku n'kufanana chabe kwa mawu. Koma munthu wosema ziboliboli moyo wake wonse umathera pakati pa mitengo iwiriyi. Amatenga woyambawo n'kuusandutsa chinthu, kenako amakakhala tsiku lathunthu pachionetsero kudikira munthu woti agwirizane naye za wachiwiriwo. Zimene ndikulemba pano ndaziona pa zaka zimene ndakhala ndikuthandiza amalume anga kugulitsa zosema zawo pa zionetsero za ntchito zamanja mumzinda wa Lilongwe.

Amalumewo amakhala kufupi ndi Mtakataka m'boma la Dedza, m'munsi mwa mapiri chakunyanja. Wodziwa deralo sangadabwe kuti osema ndi ochuluka kumeneko. Pa Mua, pamene ansembe a White Fathers anakhazikitsa mishoni mu 1902, Bambo Claude Boucher, amene anthu anawapatsa mfunda wa Chisale, anayambitsa malo a zaluso a Kungoni mu 1976. Ambiri anaphunzira kusema pamenepo, iwonso n'kukaphunzitsa ena m'midzi. Amalume sanaphunzire pa Kungoni penipeni. Anaphunzira kwa mkulu wina amene anadzera kumeneko, pomugwirira chipika ndi kumunolera zitsulo zaka zingapo, mpaka tsiku limene mkuluyo anawasiyira sompho m'manja.

Chionetsero chikakhala Loweruka, iwo amafika kwathu Lachisanu madzulo. Katundu amakhala atamukulunga m'nyuzipepala zakale n'kumulongedza m'matumba, ndipo thumba lililonse m'minibasi limalipira ngati munthu. Tebulo la pachionetsero timalipiriratu masiku angapo m'mbuyo, ndipo ndalamayo sibwerera kaya tigulitse kaya mvula igwe. M'mamawa timayala chitenje patebulo n'kuyamba kundanda zinthu. Kumanja kwathu kumakhala amayi a mikanda ndi zikwama zosoka ndi zitenje, kumanzere bambo wa malichero ndi madengu a nsungwi, kutsogoloko a mikeka ya mlaza, a miphika, a uchi. Ntchito yanga ndi yochepa: kuyankhula ndi alendo amene sadziwa Chichewa, kulandira ndalama za pafoni, ndi kulemba m'kope chilichonse chimene chachoka patebulo.

Wina angafunse kuti kuvutika konseku n'kwa chiyani, poti ogula amawatsata kumudzi komweko. Inde, mavenda a m'tauni amabwera kudzaoda. Amatenga zosema zambiri nthawi imodzi pa mtengo wotsika, kawirikawiri zisanapakidwe n'komwe, n'kukazimalizira okha. Zina zimakagulitsidwa pafupi ndi positi ofesi ya ku Old Town, zina mumsewu wa ku Senga Bay, zina zimawoloka malire mpaka ku Johannesburg ndi pa Greenmarket Square ku Cape Town. Amalume sawada mavendawo. Amati nawonso amapsa ndi dzuwa, ndipo tsiku limene pakhomo pasowa mchere ndi iwo amene amafika ndi ndalama m'manja. Chimene chimawapweteka n'chakuti chinthu chikangolowa m'thumba la venda chimasanduka chamasiye. Palibenso amene adzadziwe kuti anachisema ndani. Pachionetsero ndi pokhapo pamene wogula amaona chinthu n'kuonanso manja amene anachipanga, zipsera zake ndi zikhadabo zake zothetheka.

Koma kuona manja sikutanthauza kuwalipira. Tiyeni titenge bawo. Bawo lili ndi mabowo 32, mizere inayi ya mabowo asanu ndi atatu, ndipo bowo lililonse amaligoba pamanja mpaka lifanane ndi linzake kuti nkhomo zizituluka bwino ndi zala. Asanafike pamabowopo pali kusaka chipika, kuchiumitsa pamthunzi kuti chisang'aluke, kuchisema mpaka chikhale thabwa. Akatha mabowo pali kukongoletsa m'mphepete, kukhula ndi sandipepala wokhakhala kenako wosalala, ndi kupaka. Bawo labwino, lopinda pakati, limawatengera amalume masiku asanu ndi anayi.

Tsiku lina bambo wina wovala bwino, makiyi a galimoto akulira m'manja, analinyamula bawolo, n'kulitembenuza, n'kufunsa mtengo. Atamva anaseka.

"Aaa madala, kathabwa komweka? Tsitsaniko, ndife a konkuno."

Amalume sanakwiye. Anati, "Bwana, thabwalo tengani laulere, ndakupatsani. Mungondilipira masiku asanu ndi anayi amene ndakhalira pamenepo."

"Nanga tsiku lanu ndi zingati?"

"Monga mumamulipirira mnyamata wotchetcha udzu kwanu."

Bamboyo anawerengera chamumtima. Ndinaona nkhope yake ikusintha, chifukwa ndalama imene inatuluka inaposa imene amalume anatchula poyamba. Analiika bawolo pansi n'kupita. Chakumasana anabweranso, n'kulipira osanenereranso. Koma wotere ndi mmodzi. Ambiri akaika pansi ndiye kuti apita.

Sindikunena kuti kunenerera n'koipa. Ndi mmene timagulirana kuyambira kale, ndipo pakunenererapo pamakhala macheza, nthabwala, kudziwana. Chimene ndaona n'chakuti timasankha woti timunenerere. M'sitolo yaikulu timalipira mbale ya pulasitiki yochokera kutsidya kwa nyanja pa mtengo umene aulemba, osatsegula pakamwa. Mphamvu zathu zonse zonenerera timakazithera pa munthu amene sangathe kukana. Ndipo ogula ena amadziwa nthawi yake. Ikamakwana folo koloko madzulo amayamba kuzungulira matebulo, podziwa kuti wosema uja sakufuna kusenzanso matumba, ndiponso kuti ya minibasi sinakwane. Zimene m'mawa zinali za masiku asanu ndi anayi, madzulo zimapita pa mtengo wa masiku atatu.

Alendo ochokera kunja mafunso awo ndi ena. Amafunsa tanthauzo la chosemacho, kulemera kwake, ndiponso ngati chingalowe m'chikwama cha m'ndege. Ambiri amalipira bwino, ndipo ndalama yawo yaphunzitsa ana ambiri a osema. Koma wolipira ndiye amasankha nyimbo. Zaka zambiri tebulo la amalume linkadzaza ndi njovu, mvuu, timitu ta anthu ndi tokolowekamo makiyi. Mpando wa mfumu uja, wa matabwa awiri olowetsana, umayenda malonda chifukwa umaphwasuka n'kunyamulika mosavuta. Amalume asema akadyansonga osawerengeka, koma chibadwire sanamuonepo kadyansonga wamoyo. Anatengera pa chosema cha mnzawo, mnzawoyo anatengera pa chithunzi.

Akuluakulu anati mlendo ndi mame. Mu Epulo 2020, chifukwa cha mliri wa Covid-19, ndege zonyamula anthu zinasiya kutera m'dziko muno, ndipo zionetsero zinaima. Akadyansonga anagona m'matumba miyezi yambirimbiri. Chimene chinadyetsa banja la amalume nthawi imeneyo sichinali chokongoletsa m'nyumba ayi. Inali mithiko, zipande, mipini ya makasu, mitondo ndi minsi, timipando tokhalira pakhonde, zinthu zimene anthu oyandikana nawo ankagula kapena kusinthanitsa ndi chimanga. Zionetsero zitayambiranso, tebulo lathu linasintha. Theka lake tsopano ndi zinthu zogwiritsa ntchito: mbale zoikamo zipatso, zipande zosemedwa bwino kumchira, mabawo, timabokosi. Amati akufuna kusema zinthu zoti Mmalawi azigule popanda kudikira kuti kubwere mlendo woti amupatse mphatso.

Kunena zoona, Mmalawiyo naye thumba lake ndi lobooka. Kwacha itagwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, sandipepala, vanishi, guluu, minibasi ndi tebulo lomwe zinakwera pamodzi. Wogula wa konkuno anayamba kuwerenga kawiri asanatulutse ndalama. Ndikumvetsa mayi amene amasisita mbale yosema kwa nthawi yaitali kenako n'kuisiya chifukwa kunyumba kukufunika mafuta ophikira. Amene sindimumvetsa ndi uja ali nazo, koma m'maso mwake chopangidwa ndi manja a munthu wakumudzi chiyenera kukhala chotchipa basi.

Apa ndi pamene mitengo iwiri ija imakumanirana. Funso limene timalimva kwambiri patebulo ndi lakuti, "Kodi ndi mpingo umenewu?" Mpingo ndi mtengo wolemera, wakuda mkati, woyera kunja kwake, wolimba moti kumayiko ena amapangira zitoliro zoimbira monga clarinet. Umakula pang'onopang'ono kwambiri: woudzala sadzausema, adzausema ndi mdzukulu wake. Kuyambira mu 2017 malonda ake a pakati pa mayiko ali pansi pa pangano la CITES, loteteza zomera ndi nyama zimene zikutha. Kwawo kwa amalume, kumene kale ankaupeza poyenda mtunda waufupi, lero ndi wosowa. Nkhani yofanana nayo ndi ya mkungudza wa ku Mulanje, mtengo wa fuko lathu, umene timabokosi take tonunkhira tinkakondedwa kwambiri, koma paphiripo watsala pang'ono kutheratu. Osema si amene anatha nkhalango paokha; makala, matabwa ndi moto wolusa zatha zambiri. Komabe iwo ndi amene amayamba kumva kuwawa kwake.

Amalume tsopano amasema kwambiri mango, jakaranda ndi malaina, mitengo yodzala imene imapezeka m'midzi, ndipo wogula amamuuza zoona. Yankho limene amalandira kawirikawiri ndi lakuti, "Poti si mpingo, tsitsani." Masiku ndi omwewo, luso ndi lomwelo, koma wogula akuwerengera thabwa. Ndiye taganizani chimene tikumuphunzitsa wosema. Tikumuuza kuti ngati akufuna ndalama yabwino asankhe chimodzi mwa ziwiri: akadule mpingo wotsiriza umene watsala m'phiri, kapena atenge mtengo wamba aupake polishi wakuda wa nsapato n'kunama. Zonse ziwirizi zikuchitika, ndipo ogulafe timadandaula nazo ngati kuti sitinazibzale ndife. Tsiku limene tidzayambe kulipira ntchito m'malo molipira thabwa, mpingo udzapuma.

Palinso china chimene chikhoza kutha mpingo usanathe. Mwana wamwamuna wa amalume, msuweni wanga, amadziwa kugwira sompho, koma anasankha kabaza wa njinga yamoto. Tsiku lina ndinawafunsa ngati zimenezi sizikuwadandaulitsa.

"Mphwanga," anatero, "iye dzuwa likamalowa amakhala atagwira ndalama. Ine ndimasema mwezi wathunthu kudikira Loweruka limodzi, Lowerukalo mvula n'kugwa. Ndimuuze chiyani?"

Ndinalibe choyankha. Luso silisungidwa m'buku kapena m'nyumba yoonetseramo zakale. Limakhala m'manja mwa munthu, ndipo limapita kwa wina pokhapokha winayo ataona kuti lingamudyetse.

N'chifukwa chake, ngakhale zili ndi zovuta zake, zionetsero zazing'onozi ndimazitenga kukhala zofunika. Amalume masiku ano amabwera ndi chipika chosamaliza n'kumasema pomwepo, pambali pa tebulo. Kulira kwa sompho kumaitana anthu kuposa chikwangwani chilichonse. Ana amakhala pansi kuonerera mpaka makolo awo kuwakoka. Munthu amene waona ndi maso ake kuti bowo limodzi la bawo likutenga nthawi yotani, akafika pa mtengo sayankhulanso mofanana ndi poyamba. Ndaona zimenezi kambirimbiri, ndipo m'kope langa masiku amene asema pamaso pa anthu ndi amene ali ndi mizere yambiri.

Okonza zionetsero akhoza kuthandiza pa zinthu zochepa. Wopanga yekha, wochokera kutali, asamalipire tebulo mofanana ndi wa sitolo ya m'tauni amene wangobweretsa zooda. Osema, oluka ndi oumba apatsidwe malo oti agwirirepo ntchito anthu akuona. Ndipo uthenga wa chionetsero uzifika kwa anthu onse a mumzinda, m'chinenero chawo, osati kwa okhawo okhala m'mipanda ya njerwa. Ife ogula, kaya tili ku Lilongwe, ku Kabwata mu Lusaka, ku Tete kapena ku Harare, tisanafunse zotsitsa tiyambe tafunsa mafunso awiri: mwapanga ndinu? Zakutengerani masiku angati? Tikamva yankho, tinenerere ndithu ngati tikufuna, koma tikudziwa chimene tikudula.

Chaka chathachi amalume anayamba chizolowezi chatsopano. Akamaliza chosema amawotcha msomali pamoto n'kulemba kunsi kwake dzina lawo, mudzi wawo ndi mtundu wa mtengo. Venda wina anawapempha kuti pa zake asamalembe, poti ogula ake angadziwe kumene amaoda. Iwo anakana mwaulemu, ndipo vendayo sanabwererenso. Ndalama imeneyo inali yofunika pakhomo, ndipo mpaka lero sinapezeke ina yolowa m'malo mwake. Koma msomali uja sanautaye. Uli pa mafuwa, pafupi ndi sompho, ukudikira mabawo atatu amene akukonzekera chionetsero cha mu Disembala.